Chitunda choyamba ndicho chilamula ulendo

Adzukulu anga a kuno ku Chelstone, ndamva kuti aphunzitsi a physics akupatsani ntchito yopanga roller coaster yaing'ono, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kufunsa akalipentala a pamsika kuti angakupangireni pa makwacha angati. Bwezerani ndalamazo m'thumba la makolo anu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chinthu chogula chidzanyezimira patebulo, koma akadzakufunsani chimene chikuchiyendetsa mudzangoti kukamwa yasa.

Yambani mwaima mumsewu wa Great East n'kuyang'ana thanki ya madzi ija imene aliyense amalozera mlendo akamafuna Chelstone. Anaikweza m'mwamba dala. Madzi akakhala pamwamba amakhala atasunga mphamvu, ndipo akamatsika mphamvuyo imasanduka liwiro. Ku Kariba n'chimodzimodzi: khoma la mamita 128 lomwe linatha kumangidwa mu 1959 limasunga madzi kuti akamagwa azizunguza makina a magetsi. Madzi a m'nyanja ya Kariba atachepa ndi chilala cha 2024, nonse munawerengera pakandulo. Ngolo za roller coaster nazo zilibe injini. Zimakokedwa kamodzi kokha kufika pachitunda choyamba, ndipo ulendo wonse zimadya mphamvu imene zapata pamenepo. N'chifukwa chake chitunda chachiwiri chiyenera kufupikirapo, chachitatu n'kufupikiranso, pakuti kukhulana kwa mawilo ndi njanji, ndiponso mphepo, zimadyako mphamvuyo pang'onopang'ono.

Zipangizo zili pakhomo. Paipi yakale yothirira maluwa muing'ambe pakati m'litali, ndiyo njanji yanu. Makatoni ndi timatabwa totsala ndiyo mizati. Waya, selotepi, rula, ndi kampira kagalasi kosewerera kaja kakhale ngolo. Manja amene anapinda waya n'kupanga galimoto ya mawilo a zitsekerero za mabotolo sangalephere ntchito iyi.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pamkombero, pomwe njanji imapindika n'kuzungulira chadodolido. Kampira kakafika pamwamba pa mkombero kalibe liwiro lokwanira, kamasiya njanji n'kugwa. Masamu ake ndi awa: ngati mkombero wanu ndi wotalika masentimita 20 kuchokera pansi kufika pamwamba, kampira kogubuduzika kayenera kuyambira pa masentimita osachepera 27 kuchokera pansi pa mkomberowo. Nambala imeneyo ndi ya m'buku, momwe mulibe kukhulana. Paipi yanu ili ndi fumbi ndi mabampu a selotepi, choncho mudzafunika kukweza poyambirapo. Kwezani masentimita awiriawiri, pamlingo uliwonse muzikasiya kampirako kasanu, osakakankha ndi chala, mpaka mutapeza pamene kakuzungulira nthawi zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukaona zithunzi za Anaconda ya ku Gold Reef City ku Johannesburg, muyang'anitsitse mikombero yake. Siyozungulira ndendende, ndi yotambasuka pansi, yothina pamwamba. Mikombero yakale yozungulira ndendende inkapweteka makosi a okwera chifukwa ngolo zinkalowamo mothamanga kwambiri n'kukhota mwadzidzidzi. Injiniya wa ku Germany, Werner Stengel, ndiye anakonza mawonekedwe atsopanowa, ndipo anaonekera pa roller coaster yotchedwa Revolution ku California mu 1976. Yesani mitundu yonse iwiri ndi paipi yanu, muone umene ukufuna chitunda chachifupi.

Mukagwira m'gulu, atsikana asakhale ongokongoletsa ndi penti pamene anyamata agwira rula. Aliyense ayezeko, aliyense awerengetseko. Makalabu a JETS, amene akhala m'masukulu a Zambia kuyambira 1968, amatenga ntchito ngati yanuyi kuchoka pasukulu kukafika pachionetsero cha dziko lonse, ndipo oweruza angafunse aliyense wa m'gulumo.

Gulani kope limodzi la ntchito imeneyi yokha. Lembanimo kutalika kwa chitunda, masekondi amene foni yawerenga, ndi nthawi iliyonse imene kampira kagwa. Zolephereka musazifute, ndipo musasinthe nambala kuti zifanane ndi za m'buku. Mwachitsanzo, buku limati chinthu chotsika mita imodzi popanda chochitsekereza chimafika pa liwiro la mamita 4.4 pa sekondi, koma kampira kanu sikadzapitirira 3.7, chifukwa mphamvu ina imathera pa kugubuduzika kwake. Mukafotokoza kusiyana kumeneko ndi pakamwa panu, kope lili m'manja, malikisi ndi anu.