KODI MAU ONYOZA AMAKOPA MUNTHU PA MASANKHO?

Akristu anzanga, ife tonse okhala m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Chilumba kunka ku Karonga tikumbukira bwino phokoso la masabata aja otsogolera masankho a pa 16 Seputembala 2025. Magalimoto a zimkuzamau ankadutsa pa Vinthukutu m'mawa ndi madzulo, ndipo pa wailesi ndi pa mafoni mau a zipani sankatha. Ena anali malonjezo, ena anali onyoza: uyu ndi mbava, uyo wakalamba, winayo sakonda anthu a kuno. Popeza tsopano mitima yakhala pansi, tiyeni tidzifunse mofatsa: kodi mau otere amagwira ntchito yanji? Eni ake amati nchifukwa chofuna kukopa munthu amene sanaganize kumene adzaponye voti yake. Kodi nzoona?

Taganizani mai wina amene ali kuchokera ku munda wake wa chinangwa, khasu liri pa phewa, ndipo mumtima mwake sanasankhe munthu. Aima pa mseu namva chimkuzamau chiri kutukwana. Iye si mwana iai. Adziwa kuti wolankhulayo ali nacho chimene afuna. M'mawa mwake ifika galimoto ya chipani china nibweza mau omwewo. Tsono maiyo akhulupirire yani? Angopukusa mutu napita kukaphika kondowole. Koma onani amene ali kuomba m'manja ndi kululutira: ndi aja anavala kale nsalu ya chipanicho asanamve liu ndi limodzi lomwe.

Anthu ophunzira a maiko ena anafufuza zimenezi. M'chaka cha 1940 Paul Lazarsfeld ndi anzake anafunsa anthu a ku Erie, m'dera la Ohio ku America, mwezi ndi mwezi kufikira tsiku la masankho. Anapeza kuti amene anachoka mbali ina napita mbali inzake sanakwane mmodzi pa anthu khumi. Ochuluka anangolimbikitsidwa pa chimene anali nacho kale. M'chaka cha 2007 Richard Lau ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku woposa 100 wonena za kunyozana pa masankho, naona kuti mau onyoza amakumbukika msanga, koma sapindulira mwini wake mavoti, ndipo amachepetsako chikhulupiriro cha anthu pa boma lao.

Mbiri ya kuno kwathu iphunzitsa zomwezo. Pa 17 Meyi 1994 mipando yonse 33 ya chigawo cha kumpoto inapita ku chipani cha AFORD cha a Chakufwa Chihana. M'chaka cha 2009 chigawo chomwechi chinapereka mavoti ochuluka kwa a Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo, patapita zaka za makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005. Pa 23 Juni 2020 chinapereka kwa a Lazarus Chakwera. Ndipo m'dziko lonse a Peter Mutharika, amene anagonja mu 2020, anapambana mu 2025 ndi mavoti oposa theka, pa nthawi imene mafuta a galimoto ankasowa ndipo zinthu zinakwera mtengo. Kunyozana kunalipo pa masankho onsewa, ndiponso mbali zonse. Chimene chinkasintha ndicho nkhokwe, mtengo wa pa msika ndi zimene anthu anaona ndi maso ao.

Kapena wina adzati: ngati mauwo sakopa munthu, ndiye kuti ndi mphepo chabe, palibe tchimo. Iai, abale anga, apa mpamene pali choopsa. Mauwo ntchito ali nayo: amatenthetsa mitima ya amene ali kale athu, kuti asagone pa tsiku loponya voti. Ndipo nkhuni zimene amasonkhezera motowo ndizo mantha ndi chidani. Si kale pamene dera la pakati la boma lathu lino la Karonga linapatsidwa dzina lakuti Benghazi, dzina la mzinda wa nkhondo wa ku Libya, chifukwa cha ndeu za otsatira andale. Miyala isanauluke, mau ndiwo anayamba.

Masankho akatha, opambana amapita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, napatsana moni ndi amene ankawanyoza. Ena amasinthanso chipani. Ife titsala kuno ndi mjigo umodzi, manda amodzi, tchalitchi chimodzi. Asodzi awiri amene anatukwanizana pa msonkhano ayenera kukokanso khoka limodzi la usipa. Nanga adzagwirana bwanji chanza cha mtendere pa Misa?

Katekisimu atiphunzitsa kuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu liletsa kunamizira mnzathu, kuulula zolakwa zake zobisika popanda chifukwa choyenera, ndi kumuganizira zoipa popanda umboni. Atiphunzitsanso kuti woipitsa mbiri ya mnzake ayenera kuibweza, monga wakuba abweza mbuzi. Lamulo limeneli silipita ku tchuthi pa nyengo ya masankho. Ndipo silikhudza wolankhula yekha: woombera m'manja bodza, ndi wolitumiza kwa anzake pa WhatsApp, alisenza naye pamodzi.

Koma tisalakwe poganiza kuti Mkristu azikhala chete poona zoipa. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wofuna kulamulira anthu alole kuti ntchito zake ziunikidwe poyera. Kunena kuti mankhwala asowa m'chipatala, kapena kuti ndalama za mlatho sizinaoneke kumene zinapita, si miseche iai, ngati ziri zoona. Kumbukirani kalata ya Aepiskopi athu imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Inanena za malipiro ochepa, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuweruzidwa. Koma sinatukwane munthu. Boma la nthawiyo linaiyesa youkira, komabe anthu anaipatsirana, pakuti anaona moyo wao womwe m'menemo. Pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse oponya voti anasankha zipani zambiri. Choona chonenedwa mwaulemu chinafika kumene chipongwe sichifika.

Kotero inu akatekisti, masankho akadzayandikanso, phunzitsani m'miphakati mafunso atatu awa. Kodi mauwa ndi oona, ndipo umboni wake uli kuti? Kodi anena za ntchito ya munthuyo, kapena za thupi lake, mtundu wake ndi banja lake? Kodi ndikadakondwa nao akadanenedwa pa munthu wa chipani changa? Funso lachitatuli ndilo lowawa, pakuti munthu aona msanga bodza la adani ake, koma la abwenzi ake alimeza ngati phala.

Ndipo inu mukadzamva mtima wanu uli kukoma pamene mnzanu ali kunyozedwa, dziwani kuti mauwo sanalinge mai wa chinangwa uja: alinga inu. Tipemphe Mulungu atipatse makutu odziwa kupeta ndi lilime lodziwa kudziletsa.