Kwa Ayuda, kunena zoona kungakhalenso miseche

Mu 1873 mumzinda wa Vilna munatuluka buku la Chihebri lopanda dzina la wolemba, ndipo nkhani yake inali imodzi yokha: miseche. Analilemba ndi Israel Meir Kagan, mphunzitsi wa m'katauni ka Radin, komwe lero ndi ku Belarus. Bukulo linatchuka kwambiri moti anthu anayamba kuitana mwini wakeyo ndi dzina la bukulo, Chofetz Chaim, mpaka imfa yake mu 1933.

Kuletsa miseche sikunayambe ndi iye. Kuli kale mu Levitiko 19, ndipo mwana wa Chiyuda amakula akumva za Miriamu, amene anagwidwa khate atajeda mlongo wake Mose. Chatsopano chinali chakuti Kagan anasonkhanitsa malangizo amene anali apa ndi apo m'mabuku akale n'kuwasanja ngati malamulo, olemera mofanana ndi a Sabata kapena a zakudya. Anali ndi chifukwa. M'timatauni ta Ayuda olankhula Chiyidishi aliyense ankadziwa za m'nyumba ya mnzake, ndipo mawu amodzi onenedwa pamsika ankatha kumanitsa wamalonda ngongole kapena kuthetsa chibwenzi cha mtsikana.

Apa ndiye ambirife tingadabwe. Tikagwidwa tikudya miseche timathawira kunena kuti, "Koma si bodza." Kwa Ayuda yankho limeneli silipulumutsa munthu. Kunenera mnzako bodza ndi tchimo lina, lalikulupo. Chimene amatcha loshn hore m'Chiyidishi ndi kunena choipa chimene chinachitikadi, popanda phindu lililonse koma kumuchotsa ulemu. Palinso ukazitape, kupita kwa munthu kukamuuza zimene uje wamunenera. Ngakhale kuyamikira munthu pamaso pa adani ake n'koletsedwa, pakuti ukudziwa kuti wina ayankha ndi chipongwe, ndipo moto wausonkhezera ndiwe.

Womvera nayenso sapulumuka. Aphunzitsi a m'Talmud, mabuku akale a ziphunzitso za Ayuda, anaphunzitsa kuti miseche imawononga onse atatu, wonena, womvera ndi wonenedwa. Choncho wamva nkhani saloledwa kuikhulupirira, angochenjera nayo basi. Kunena zoona, lamulo limeneli ndi lovuta kuposa kutseka pakamwa.

Komabe Kagan sanaphunzitse kuti munthu azingokhala chete. Ngati mnzako akufuna kuyamba bizinesi ndi munthu amene ukumudziwa kuti ndi wachinyengo, kapena banja likufufuza za mnyamata wofunsira mwana wawo pomwe iwe ukudziwa vuto lalikulu lobisika, uyenera kulankhula. Koma uyambe watsimikiza kuti nkhaniyo ndi yoona, usathirepo mchere, usanene chifukwa cha chidani, ndipo pasakhale njira ina yotetezera munthuyo. Pamilandu yambiri uyeneranso kuyamba wadzudzula wolakwayo pamaso.

Mbali imeneyi ndi imene imaiwalika. M'zaka zaposachedwa, m'madera ena a Ayuda osunga chipembedzo mwamphamvu ku America ndi ku Israel, anthu ochitiridwa nkhanza adandaula kuti ankawatseka pakamwa powaopseza kuti kuulula ndi loshn hore. Aphunzitsi ambiri a Chiyuda atsutsa zimenezi poyera, ndipo akunena zoona. Amene amagwiritsa dzina la Chofetz Chaim pobisa wozunza ana sanaliwerenge bukulo mpaka kumapeto.