Mfumu Pakati pa Opalamula

Lamulungu la Khristu Mfumu, Chaka C. Mthenga Wabwino: Luka 23:35-43

Lero Mpingo ukutseka chaka chake ndi chikondwerero cha Khristu Mfumu. Munthu angayembekezere kumva za mpando wachifumu, zovala zonyezimira ndi nduna zoimirira uku ndi uku. Koma Luka Woyera akutengera akhristu ku Kalvare, kumene Mfumuyo yapachikidwa pakati pa anthu awiri ogamulidwa kuti aphedwe. Mlembi wa boma la Aroma akadafunsidwa za tsiku limenelo, akadangolemba kuti opalamula atatu aphedwa. Nambalayo ikadaoneka yolondola, koma sikadanena kuti mmodzi mwa atatuwo adalibe mlandu, kuti wina adafa akunyoza, ndi kuti wachitatu adavomera kulakwa kwake, napempha Yesu kuti amukumbukire, ndipo adalonjezedwa Paradizo tsiku lomwelo.

Masiku ano akaidi amawerengedwa mosamala kuposa kale. Pa dziko lonse lapansi anthu oposa 11 miliyoni ali m'ndende, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse mlandu wake sudagamulidwe. Kuno ku Malawi, m'zaka zapitazi akaidi akhala akupitirira 14,000, kuposa kawiri chiwerengero chomwe ndende zidamangidwira. Ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba ndi ku Mzuzu muli maselo momwe anthu amachezera usiku wonse ali tsonga, wina pakati pa miyendo ya mnzake, chifukwa malo otambasulira thupi palibe. Nsima imadyedwa kamodzi patsiku, kawirikawiri ndi nyemba kapena nandolo. M'malo otere chifuwa chachikulu ndi mphere sizisowa.

Zimenezi si mphekesera. M'chaka cha 2009, pa mlandu womwe mkaidi Gable Masangano adasumira boma m'malo mwa akaidi onse, bwalo lalikulu lidagamula kuti kuthithikana kotere ndi nkhanza zonyazitsa umunthu, ndipo lidapereka miyezi 18 kuti kuthithikanako kuchepe ndi theka. Zaka zoposa 15 zapita. Ana omwe adabatizidwa ali makanda chaka chimenecho adalandira kale Ulimbitso, koma m'maselo mudakali mothina.

Mkhristu wa m'tauni akamva izi, mtima wake suthamangira chifundo, ndipo m'pomveka. Pa mabenchi a tchalitchi pamakhala mayi yemwe adakwatulidwa foni kudepoti, bambo yemwe akuba adamuthyolera nyumba ana akuona, mkazi wamasiye yemwe mwamuna wake adaphedwa chifukwa cha njinga yamoto ya kabaza. Kwa anthu amenewa ndende si nkhani ya manambala. Mpingo suwauza kuti aiwale, ndipo sunena kuti wolakwa asalangidwe. Katekisimu amaphunzitsa kuti boma lili ndi ufulu ndi udindo wopereka chilango cholingana ndi kukula kwa mlandu. Ngakhale chigawenga cholapa chija sichidapemphe kutsitsidwa pamtanda. Chidavomera kuti chilango chake chidali choyenera. Komabe chiphunzitso chomwecho chimanenanso kuti chilango chiyenera, m'mene kungathekere, kuthandiza wolakwayo kuwongoka. Apa ndi pamene funso la lero lagona: kodi amene ali m'ndendemo ndani, ndipo akutulukamo ali otani?

Ochita kafukufuku pa zaumbanda amachenjeza kuti manambala a apolisi amawerenga milandu yokhayo yomwe yakanenedwa. Mayi womenyedwa ndi mwamuna wake amene wangokhala chete poopa kutha kwa banja samalowa m'kaundula. Mwana wogwiriridwa ndi wachibale, akuluakulu n'kukambirana m'nyumba kuti zisamveke, salowamonso. Nayonso ndende siwerenga onse olakwa. Imawerenga ogwidwa, makamaka ogwidwa omwe alibe wowayankhulira. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 idaonetsa dziko lonse kuti ndalama zankhaninkhani zingathe kubedwa ndi cholembera, popanda kuthyola chitseko. Ena adamangidwa pa nkhaniyo, inde, koma aliyense wokayendera ndende amaona kuti ochuluka mkatimo ndi anyamata osauka, ambiri osapita patali ndi sukulu, ena omangidwa chifukwa cha mbuzi, nkhuku kapena foni, enanso chifukwa cholephera kulipira chindapusa chomwe munthu wapantchito akadapereka tsiku lomwelo.

Nkhani ya Mayeso Gwanda imaonetsa bwino m'mene umphawi umasandukira mlandu. Iyeyu adali wogulitsa majumbo mumzinda wa Blantyre. M'chaka cha 2015 apolisi adamugwira m'mbandakucha ali pa ulendo wopita kumsika, namuimba mlandu wa vakabu. Sadabe kanthu ndipo sadamenye munthu. Adangolawirira ngati m'mene amalawirira amayi ambiri a m'parishi popita kukapikula tomato. Iye adakana kungogonja, ndipo mu Januwale 2017 bwalo lalikulu lidagamula kuti ndime ya lamulo yomwe adamangidwa nayo, yochokera m'nthawi ya atsamunda, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Anthu angati adagona m'chitokosi chifukwa cha ndime imeneyo asanapezeke mmodzi wolimba mtima?

Baibulo limawadziwa anthu otere. Yosefe adaponyedwa m'ndende ku Ejipito chifukwa cha bodza la mkazi wa Potifara. Woperekera chikho wa Farao, yemwe Yosefe adamumasulira maloto, atatuluka adamuiwala zaka ziwiri zathunthu. Chowawa pa nkhani imeneyo si unyolo ayi, koma kuiwalidwa ndi munthu amene akadatha kunena mawu amodzi okha kwa mfumu. Omangidwa ambiri oyembekezera mlandu ali ngati Yosefe. Malamulo aakulu a dziko, pa gawo 42, amati munthu womangidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Lamulo lidaikanso malire a masiku osungira munthu mlandu wake usanayambe. Koma fayilo ikasowa, mboni ikasamuka, kapena achibale kumudzi akakhala kuti sadamve n'komwe kuti mwana wawo adamangidwa, miyezi imasanduka zaka. N'chifukwa chake ntchito ya alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, omwe akhala akulowa m'ndende kuyambira chaka cha 2000, ndi yamtengo wapatali: amafufuza oiwalidwa, ndipo amathandiza kuti majisitireti akakhale m'ndende momwemo n'kumva milandu yawo.

Mpingo wa ku Malawi suli mlendo pa nkhaniyi. Kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, idadandaula poyera za anthu otsekeredwa osadziwa tsiku lomwe mlandu wawo udzamvedwe. Akuluakulu omwe adaimva ikuwerengedwa amakumbukira mantha a tsiku lija. Omangidwa a nthawi imeneyo adali ndi mayina odziwika. A lero ambiri sadziwika ngakhale kumphakati kwawo.

Pali mawu omwe amamveka kawirikawiri m'minibasi ndi m'maliro, akuti wakuba sasintha, bola kungothana naye. Mawu amenewa ndi omwe amabala gulu lothamangitsa munthu ndi miyala, matayala ndi petulo. Gululo silifunsa mboni, ndipo likalakwitsa munthu silingamuukitse. Pakati pa oponya miyala pamakhalanso ovala korona m'khosi, zomwe n'zomvetsa chisoni. Ku Kalvare nakonso kudali gulu, ndipo lidali lotsimikiza kuti likudziwa wolakwa.

Zochitika m'dziko muno zikutsutsa mawu akuti munthu sasintha. M'chaka cha 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, bwalo lidagamula kuti n'kulakwa kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha popanda kumva m'mene zinthu zidachitikira. Kuyambira mu 2015 milandu ya anthu otere idayamba kumvedwanso, ndipo oposa 100 adamasulidwa, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 20. Ofufuza atapita kukacheza ndi mafumu a m'midzi momwe anthuwo adabwerera, adapeza kuti mafumu ambiri, ataona okha moyo wa obwererawo, sadafunenso chilango cha imfa. Anthu omwe boma lidawalemba kuti ndi oyenera chingwe adapezeka akulima, akulera adzukulu, ena akutsogolera mapemphero. Malawi sadanyongenso munthu chiyambire 1992, ndipo mu 2018 Papa Francis adakonzanso ndime 2267 ya Katekisimu kuti inene mosabisa kuti Mpingo suvomereza chilango cha imfa.

Apapa aphunzitsa zambiri pa nkhaniyi ndi miyendo yawo. Mu Disembala 1983 Papa John Paul II adalowa m'ndende ya Rebibbia ku Rome kukacheza ndi Mehmet Ali Ağca, munthu yemwe adamuwombera mu 1981. Papa Francis, atangosankhidwa mu 2013, adachita Misa ya Lachinayi Loyera m'ndende ya achinyamata ya Casal del Marmo, nasambitsa mapazi awo. Pa 26 Disembala 2024 adatsekula Khomo Loyera la Chaka cha Jubile m'ndende ya Rebibbia. Ndipo pa Lachinayi Loyera la 2025, ali wofooka kwambiri, adapitabe kukaona akaidi a ku Regina Coeli, patangotsala masiku anayi kuti amwalire. Pa Mateyo 25 Ambuye adaika kuyendera am'ndende pakati pa ntchito zomwe anthu adzaweruzidwe nazo, ndipo sadanenepo kuti oyenera kuyenderedwa ndi osalakwa okha.

Chovuta kwambiri chimayamba tsiku lotuluka. Munthu amatuluka pachipata ndi kajumbo m'manja, nthawi zina alibe ndi ya basi yomwe. Mkazi adakwatiwa kwina, malo ogulitsira adatenga wina, ndipo olemba ntchito akangomva za ndende nkhani imathera pomwepo. Akabwera ku Misa, oyandikana naye pabenchi amakokera zikwama zawo pafupi, kenaka n'kumupatsa dzanja la mtendere. Iye amaziona zonsezo. Akasowa pogwira, omulandira ndi manja awiri amakhala anzake akale omwe adamulowetsa m'mavuto, ndipo posakhalitsa amabwerera komwe adachoka n'kukhalanso nambala m'kaundula.

Pafupifupi mphakati uliwonse uli ndi banja lomwe lili ndi wachibale m'ndende, koma limabisa chifukwa cha manyazi. Mayi amangoti mwana adapita ku Joni. Atsogoleri a miphakati akamakumana sabata ino angayambire pomwepo: kufunsa mwaulemu ndi mwachinsinsi, osati pagulu. Banja lomwe wachibale wake wakhalitsa osaonekera kubwalo lingaperekezedwe ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau, komwe osauka amathandizidwa pa milandu. Opita kukayendera akaidi atenge sopo, shuga, mchere, ufa ndi zovala zotsuka bwino, atayamba afunsa akuluakulu a ndende zomwe zimaloledwa kulowa. Atengenso kope ndi cholembera, chifukwa akaidi ambiri chomwe amayamba kupempha ndi chakuti wina alembe dzina la mudzi wawo ndi nambala ya foni ya m'bale, akamuuze komwe ali.