PHUNZIRO 17: MUNTHU WA PA CHISUMBU

Werengani: Genesis 2:15-23, Mlaliki 4:9-12.

Ana okondedwa, lero tiyamba ndi nkhani ya m'buku lotchedwa Robinson Crusoe, limene analemba Daniel Defoe wa ku England, ndipo linatuluka m'chaka cha 1719. Nkhaniyi njopeka, si Mau a Mulungu ai, koma itithandiza kumva bwino mavesi athu.

Crusoe anali mnyamata wosamvera atate ake, nathawira ku nyanja. Patapita zaka, chombo chimene anakwera chinasweka ndi namondwe. Anzake onse anamira, iye yekha napulumukira pa chisumbu chopanda anthu, ndipo anakhalapo zaka 28. Njala sinamuphe. Anamanga pogona, naweta mbuzi, nalima mpunga. M'katundu wa m'chombo anapezamonso Baibulo, ndipo atadwala kwambiri anayamba kuliwerenga ndi kupemphera.

Nanga anasowanso chiani? Anasowa munthu womyankha. Anaphunzitsa mbalame ya chinkhwe kutchula dzina lake, koma chinkhwe chimangobweza mau amene wachipatsa. Tsiku lina chombo china chinasweka pafupi ndi chisumbucho. Crusoe analira mumtima, kulakalaka kuti mwenzi atapulumuka ngakhale mmodzi yekha wocheza naye. Atafika pa chombocho anapezapo galu basi.

Musafulumire kunena kuti, "Munthu wa Baibulo m'manja aliriranji? Kodi Mulungu sakwanira?" Taonaninso Genesis 2. Adamu anali m'munda wabwino, nyama zonse zili pomwepo, tchimo lisanalowe, ndipo Mulungu analankhula naye. Komabe ndi Mulungu mwini amene anaona kuti kukhala yekha sikumkomera munthuyo. Chotero kupukwa anzathu si kuchepa kwa chikhulupiriro. Anatilenga otero ndi Iye.

Zitapita zaka zoposa 20, Crusoe anapulumutsa munthu amene adani ake anafuna kumupha, namutcha Friday, pakuti linali tsiku Lachisanu. Koma apa pali chomvetsa manyazi. Mwa mau oyamba amene anamphunzitsa munali akuti azimutcha iye mbuye. Zaka zonse zija analirira mnzake, mnzakeyo atabwera anamsandutsa wantchito! Ifenso timatero pofuna bwenzi loti tizilituma ndi kulilamulira pa masewera. Pambuyo pake Friday anayamba kufunsa mafunso ovuta a za Mulungu, ndipo Crusoe anavomera kuti pomphunzitsa mnzakeyo iye mwini anazindikira zambiri zimene sanazidziwe ali yekha.

Munthu atha kukhala pa chisumbu ali pakati pa mudzi. Alipo agogo amene ana ao ali kutali ku ntchito, ndipo tsiku limatha osamva "odi" pakhomo. Alipo mwana wamasiye amene amakhala yekha kumbuyo m'kalasi muno. Kodi mwamkumbukira wina? Sabata ino mupite kwa iye, mumtungire madzi kapena kumtolera nkhuni, ndipo mukatha musathamangire kwanu. Mukhale pansi, mumve zimene akuuzeni.

Vesi loloweza: Mlaliki 4:10.