Kodi Wodwala Wotaya Mtima Wachimwa?

Akristu anzathu, makamaka inu aphunzitsi amene mumayendera odwala m'zipatala, munthu uyu mumamdziwa. Adagonekedwa chifukwa cha chifuwa chachikulu, kansa, kapena kufa ziwalo. Adokotala akuti thupi likupezako bwino, koma mwini wake wayang'ana kukhoma. Phala limene womdwazika adabwera nalo lazirala pambali pa bedi. Mukati tipemphere, angoti: "Pempherani inu." Kodi ameneyu wachimwa tchimo la kutaya mtima?

Ambiri a ife timafulumira kuweruza. Ena amati chikhulupiriro chake chazilala, ena amati ndi mwano, ena amanong'ona za ufiti. Koma tidaphunzira pa katekisimu tili ana kuti tchimo lifuna kudziwa ndi kubvomera mwa ufulu. Tsono ilipo nthenda imene imamanga ufulu womwewo. Madokotala amaitcha nthenda ya kukhumudwa, ndipo imakonda kubisala kumbuyo kwa nthenda ya thupi. Mwa anthu atatu amene adadwala sitiroko, pafupifupi mmodzi imamgwira. Nthawi zina amaiutsa ndi mankhwala omwe wodwala akulandira, monga prednisolone kapena efavirenz.

Kuizindikira nkobvuta, pakuti kutopa, kusowa tulo ndi kukana chakudya zimadza ndi nthenda iliyonse yaikulu. Ndiponso munthu akalira pakumva kuti ali ndi kansa, walira monga aliyense akadalirira. Tiyang'ane kwina. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira munthu ali wachisoni pafupifupi tsiku lonse. Ngati zimene zinkamkondweretsa sizimkhudzanso, ngakhale mdzukulu wake atalowa m'wodi. Ngati adziyesa katundu wolemetsa abale, nanena kuti kuli bwino afe, pamenepo nthenda yachiwiri yafika. Mfunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso lotere silibzala maganizowo mwa munthu, ndipo kawirikawiri limampeputsa mtima. Zimene mwamva ndi kuona uzani anamwino kapena adokotala tsiku lomwelo. Iwo ali ndi odwala ochuluka, ndipo wofuula ndi ululu amaoneka msanga kuposa wokhala chete pakona.

Tisaiyese nkhani yaing'ono. Wa chifuwa chachikulu ayenera kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Adzalimbikira bwanji munthu amene sakuonanso chifukwa chokhalira moyo?

Mankhwala ake alipo, monga amitriptyline ndi fluoxetine. Mphamvu yake imayamba kuoneka patapita masabata angapo, ndipo amamwedwa miyezi yambiri ngakhale munthu atapeza bwino. Osankha ndi adokotala, pakuti ena sayenerana ndi nthenda ya mtima. Kukambirana nakonso kumachiza. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adayambitsa nchito yotchedwa Friendship Bench: amai achikulire adaphunzitsidwa kukhala ndi wobvutika pa benchi ya kuchipatala, kumumvetsera, ndi kumthandiza kumasula mabvuto ake limodzi-limodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti njira imeneyi imachepetsadi nthendayi.

Nanga pemphero tilisiye? Iai ndithu. Pempherani naye, kapena pambali pake ngati iye walephera, ndipo muitane ansembe akafuna masakramenti. Koma ulaliki wodzudzula muusiye pakhomo. Mneneri Eliya yemwe adagona pansi pa mtengo m'chipululu, napempha Mulungu kuti amchotse moyo. Mngelo atafika sadamfunse za chikhulupiriro chake. Adamdzutsa, namuonetsa mkate ndi madzi, namleka agonenso. Pambuyo pake adabweranso kachiwiri ndi kumdyetsa, pakuti ulendo unali wautali.