Magetsi akazima m'chipatala, udindo ndi wa yani?

Matamando onse apite kwa Allah, Mwini moyo ndi imfa, amene adampatsa munthu nzeru ndi manja kuti athandizire nazo mnzake. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa banja lake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inunso kuti timuope Allah poyera ndi pobisika.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, nkhani ya lero tiiyambira kutali, mumzinda wa Minneapolis ku America. Pa 31 Okutobala 1957 magetsi adazima mumzindawo kwa maola pafupifupi atatu. M'chipatala cha yunivesite ya Minnesota mudali ana amene dotolo C. Walton Lillehei adawachita opaleshoni ya mtima. Ena mwa ana otere mtima wawo umalephera kugunda pa liwiro loyenera pambuyo pa opaleshoni, chifukwa njira imene uthenga wa kugunda umadutsamo imavulala posoka. Choncho ankawalumikiza ku makina aakulu oyendetsedwa pa kangolo, amene ankatumiza timagetsi ku mtima kuti ugunde, ndipo makinawo ankadalira magetsi a pakhoma. Tsiku limenelo mwana mmodzi adamwalira.

Lillehei adali dotolo wotchuka padziko lonse, ndipo akadatha kunena kuti iye mbali yake adaichita bwino, cholakwa n'cha kampani ya magetsi. Akadanena zoona ndithu. Koma iye adapita kwa Earl Bakken, injiniya wa zamagetsi amene ankakonza zipangizo za m'chipatalamo. Munthu ameneyu, pamodzi ndi mlamu wake, adayamba ntchito yokonza makina a m'chipatala m'garaja m'chaka cha 1949. Lillehei adamupempha kuti apange chipangizo choyendera batire. Bakken adakumbukira chojambula chimene adachiona m'magazini, cha kachipangizo kowerengera kugunda kwa nyimbo, ndipo patangotha masabata anayi adabweretsa kabokosi konyamulika m'dzanja limodzi. Adakayesa pa galu. M'mawa mwake, atabwera kuchipatalako pa ntchito ina, adapeza kabokosi kaja kali pa thupi la mtsikana wamng'ono.

Choyamba chimene tikuona pamenepa ndi khalidwe la mtsogoleri amene akudziwa pamene nzeru zake zalekezera. Kufunsana, kumene m'Chiarabu timati shura, kumapepuka ngati amene tikumufunsa ndi wofanana nafe pa udindo. Kumalemera pamene wofunsidwayo ndi munthu amene amalowa pakhomo la kumbuyo atanyamula bokosi la masipanala, amene ngakhale dzina lake akuluakulu salidziwa. Mtsogoleri wodzikweza, amene sangathe kuchita zimenezo, amene amalipira kudzikweza kwakeko ndi wodwala amene sadalakwe kanthu.

Kale munthu mmodzi ankatha kusenza mbali zonse ziwiri. Abu al-Qasim al-Zahrawi, sing'anga wa ku Córdoba amene adamwalira cha m'ma 1013, ankachita opaleshoni ndi zida zimene zambiri adazikonza yekha, ndipo m'buku lake la al-Tasrif adajambula zida pafupifupi 200 kuti ophunzira ndi amisiri azitha kuzipanganso. Lero nthawi imeneyo idapita. Dotolo amene akuwerenga manambala pa makina ogonetsera wodwala sadziwa zonse zimene zili m'kati mwake, ndipo amene adapanga makinawo mwina sadagwirepo dzanja la munthu wodwala malungo. Amana imene kale idali pa phewa limodzi yagawika pa mapewa ambiri, ndipo chimene chagawika pa anthu ambiri sichichedwa kusowa mwini. Mutu umodzi susenza denga, akulu adatero. Koma taonaninso kuti denga losenzedwa ndi anthu khumi limagwa ngati aliyense akuganiza kuti anzake ndiwo alimbikira.

Ma ulama athu adasiyanitsa udindo umene uli pa munthu aliyense, monga swala zisanu, ndi udindo umene uli pa gulu lonse, umene amautcha fardhi kifaya: ena okwanira akauchita, onse amasuka, koma ukasowa woutenga, tchimo lili pa onse. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adaika using'anga m'gulu limeneli, ndipo adadandaula kuti m'mizinda ya nthawi yake mudadzaza ophunzira malamulo a chipembedzo pamene asing'anga Achisilamu adali osowa. Palinso mfundo ina ya fiqhi imene ophunzira a kumadrasa amaidziwa, yonena kuti chinthu chimene udindo sungakwaniritsidwe popanda icho, nachonso chimasanduka udindo. Ndowa ndi chingwe zimasanduka zofunika kwa amene madzi a wudhu ali pansi pa chitsime. Tsono ngati kuchiza kwa masiku ano sikungatheke popanda makina, ndiye kuti kudziwa kupanga makinawo, kuwasamala ndi kuwakonza ndi fardhi kifaya pa ife, ndipo tifunsane moona mtima ngati mzikiti uno udatumizapo mwana ngakhale mmodzi kukaphunzira zimenezi.

Tidapita tsiku lina kukazonda m'bale wathu pachipatala china cha m'boma lina. Tikufunafuna malo oswalira, mlonda adatitsegulira chipinda chakumbuyo. Mudali makina ounjikana mpaka pawindo: mabokosi ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, makina a mpweya, mabedi a magetsi, ena akadali ndi mapepala a mayiko amene adawapereka ngati mphatso. Tidafunsa chimene chidawonongeka. Adatiyankha kuti ena adapsa tsiku loyamba chifukwa adapangidwira magetsi a mavoti 110 pamene athu ndi 220, ena adasowa kachitsulo kamodzi kamene kuno sikagulitsidwa, ndipo ena palibe adadziwa chimene chidavuta, popeza buku lake lidalembedwa m'chinenero chimene palibe amachiwerenga. Kuseri kwa khoma lomwelo amayi awiri ankadikirirana makina amodzi a mpweya, aliyense ndi mwana wake pamiyendo.

Taganizirani za makina a mpweya amenewo. Mpweya umene timapumawu, magawo 21 okha pa 100 ndiwo okosijeni. Wotsalawo pafupifupi wonse ndi nayitirojeni. Makinawa amakoka mpweya wa m'chipinda, naukankhira m'timachubu todzaza ndi timiyala totchedwa zeolite timene timagwira nayitirojeni, ndipo umene umatuluka umakhala ndi okosijeni wopitirira magawo 90. Fumbi likatseka sefa, kapena chinyontho chikalowa m'timiyalato, makina amapitiriza kulira monga mwa masiku onse, madzi a m'botolo amapitiriza kuchita thovu, mayi amakhazika mtima pansi, pamene mwana akulandira mpweya wosasiyana kwenikweni ndi wa panja. Ife a kuno, amene timalidziwa fumbi la mwezi wa Okutobala, tisaone ngati nkhani ya kutali. Amene angazindikire chinyengo chimenechi ndi munthu amene amabwera ndi choyezera pa nthawi yake, natsuka sefa, nalemba zoona m'kaundula. Munthu ameneyo abale a wodwala sadzamubweretsera nkhuku yothokoza. Ntchito yake ikayenda bwino palibe chimene chimaoneka, ndipo chifukwa cha chimenecho ndi ntchito imene imayesa ikhlaswi ya munthu kuposa zambiri.

Pano tikulankhula nanu makolo. Mwana akakhoza bwino masamu ndi sayansi m'kalasi ya 12, pakamwa pathu pamatuluka mawu amodzi: akhale dotolo. Udotolo ndi ntchito yolemekezeka, ndipo dziko lathu likusowa madotolo kwambiri. Koma tiyese mitima yathu: kodi tikufuna kuti odwala achire, kapena tikufuna kuti pamaliro ndi paukwati azitiloza kuti awo ndi bambo a dotolo? Dziko lino lidaphunzira kale kuti moyo umapulumutsidwanso ndi anthu opanda dzina lalikulu. Titalandira ufulu mu 1975 madotolo ambiri adachoka, ndipo kuyambira mu 1984 boma lidayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, amene mpaka lero amachita maopaleshoni a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma akutali. Kutsidya kwa malire, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madotolo ndi anamwino adagwirizana ndi mainjiniya a yunivesite ya Rice ya ku America, napanga makina otsika mtengo othandiza ana akhanda kupuma, amene adawatcha Pumani. Mapampu ake oyambirira adali aja opopera mpweya m'mabokosi owetera nsomba. Mwana wanu wokonda kumasula mawailesi ndi matochi, amene mumamukalipira kuti akuwononga katundu, mwina Allah adamuikira rizki lake ndi malipiro ake pa njira imeneyo.

Koma nkhani ya Minneapolis ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuilumpha. Lillehei adaika pa mwana chipangizo chimene dzulo lake chidangoyesedwa pa galu. Zidayenda bwino, ndipo dziko limamutamanda. Zikadapanda kuyenda bwino tikadamutcha chiyani? Iye adali ndi chifukwa: njira ina imene idalipo idali itapha kale mwana, ndipo pa zoipa ziwiri munthu amasankha chopepuka. Komabe chifukwa chimenechi sichingakhale chilolezo kwa aliyense wofulumira. Pakati pa 1985 ndi 1987, ku America ndi ku Canada, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 adawotcha odwala asanu ndi mmodzi ndi mphamvu yopitirira muyezo kwambiri, ndipo ena adamwalira. Cholakwa chidali m'pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa makinawo, ndipo opanga adali atachotsa zotetezera zachitsulo zimene zidali m'makina akale pokhulupirira kuti pulogalamuyo singalakwe. Odwala atadandaula kuti apsa, poyamba yankho lidali lakuti zimenezo sizingatheke.

Apa ndi pamene utsogoleri umayesedwa kwenikweni. Pachipatala chilichonse payenera kukhala munthu amene ali ndi mphamvu yonena kuti makina awa lero asagwiritsidwe ntchito, ndipo mawu ake amveke ngakhale ali wamng'ono pa malipiro. Mkulu wa chipatala amene amaopseza tekiniko kuti asaine pepala lakuti makina ali bwino chifukwa kukubwera alendo ochokera ku likulu, wasenza magazi amene sadakhetsedwebe. Tekiniko amene wasaina asanayeze wapereka umboni wonama, ngakhale sadaime pamaso pa woweruza. Wogula zipangizo amene wasankha makina opanda zosinthira chifukwa wogulitsa wamulonjeza kangachepe, chuma chimenecho ndi haramu, ndipo ana amene adzafere pa makinawo iye sadzawaona nkhope pano padziko, koma pa Tsiku la Kiyama adzadziwana. Nawonso opereka mphatso, kuphatikizapo mabungwe athu Achisilamu amene amakonda kujambulitsa pa tsiku lopereka, adzifunse ngati adaika padera ndalama ya zosinthira ndi ya kuphunzitsa wokonza. Sadaka imene ikathera m'chipinda chakumbuyo chija idangosamutsa zinyalala kuchoka ku dziko lina kubwera kuno.

Wina anganene kuti imfa ili ndi nthawi yake yolembedwa, ndipo mwana wa ku Minneapolis uja akadamwalirabe. Timakhulupirira qadar ndi mtima wonse. Koma zimene Allah adalemba n'zobisika kwa ife, pamene zimene adatilamula n'zoonekera, ndipo tidzafunsidwa za zimene tidalamulidwa. Jenereta imene idasowa mafuta chifukwa wina adawagulitsa usiku singabisale kumbuyo kwa qadar.

Tikupempha Allah kuti achize odwala athu amene agona m'zipatala ndi m'makomo, awapatse mphamvu madotolo, anamwino ndi amisiri amene akhale maso usiku uno, ndipo awatsegulire ana athu makomo a maphunziro opindulitsa. Tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Imirirani tiswali.