Kwa mphwanga wopaka utoto ku Durban

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti wapeza ntchito pamalo opaka zitsulo utoto wa ufa, uja amati powder coating, ndiponso kuti asodzi ayamba kukubweretsera ma reel a mbedza zawo kuti uwasinthe mtundu. Ndakondwa. Koma tchera khutu, chifukwa reel si geti kapena mpando wa pakhonde.

Iwe unakulira kumadzi a ku Nkhotakota, opanda mchere. A ku Indian Ocean ndi ena: lita imodzi imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35. Mcherewo ukapeza pokandika pang'ono, umalowa pansi pa utoto n'kumayenda mobisa, utoto n'kutupa matuza, aluminiyamu n'kuyamba kufumbutuka. Pamwamba pakuwala, pansi pakudyeka. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye usathamangire mtundu. Yamba wamasula chilichonse: mabering'i, masipuling'i, mawashala, mpaka girisi yense achoke. Uvuni yanu yoocheramo utoto imatentha madigiri 180 mpaka 200, ndipo ma reel ambiri thupi lake ndi lija amati graphite, lomwe kwenikweni ndi pulasitiki yolimbitsidwa. Ukaliponya m'menemo lituluka litapindika, mwini wake adzafuna latsopano. Ligogode ndi kiyi, ulimve kulira kwake ndi kuzizira kwake m'manja, kuti udziwe ngati ndi chitsulo. Ngati ukukayika, usalowetse.

Aluminiyamu wochita kuumba m'chikombole amasunga mpweya ndi mafuta m'timabowo tosaoneka. Muotche kaye wopanda utoto kuti zimenezo zituluke, apo ayi zidzatulukira mu utoto n'kusiya timabowo tomwe mchere ukufuna. Ukatsuka n'kukwecha, usagwirenso ndi manja opanda magolovesi. Thukuta lako nalonso ndi mchere.

Pomwe anyamata ambiri amagwera ndi pa kukhuthala. Utoto wa ufa ukapsa umafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Pa geti palibe angazindikire. Mu reel, kagawo kameneko ndi kokwanira kuti bering'i ikane kulowa pamalo pake, mazinga a timabawuti atsekeke, gudumu lokulunga chingwe liyambe kukhula m'mbali. Malo onsewo tseka ndi tepi yosapsa ndi tizivindikiro ta silicone, modekha, ngakhale abwana akuyang'ane ndi diso lofiira. Msodzi akakola nsomba yaikulu reel n'kumugwirira, sadzatukwana nsomba. Adzafunsa anapaka ndani.

Pa ufa wakewo, epoxy amamatirira bwino koma dzuwa limamutuwitsa. Wa pamwamba ukhale polyester. Pomanganso, paka girisi pa timabawuti ta stainless steel, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi amchere, wodyeka ndi aluminiyamu.

Uphunzirenso kukana ntchito. Makampani ngati Penn, Shimano ndi Daiwa, ma reel awo ambiri a aluminiyamu amawateteza ndi anodising, khungu lopyapyala lomera m'chitsulo momwemo, losati lochita kupaka. Munthu akabwera ndi reel yoteroyo idakali bwinobwino, akungofuna yofiira kuti anzake amuone pagombe, muuze chilungamo: kuchotsa khungu limenelo n'kutaya chabwino. Ine ndimaona kuti utoto wa ufa ndi woyenera reel yakale yomwe penti wake wasupuka kale. Akaumirira, ndalama ndi zake, koma akhale atamva.

Mu June ndi July, nsomba za sardine zikamakwera m'gombe la KwaZulu-Natal, aliyense adzafuna reel yake lero lomwe. Usadumphe kutsuka chifukwa cha phuma lawo. Pomupatsa, muuze kuti akachoka kunyanja aziitsukuluza ndi madzi a pampopi oyenda pang'onopang'ono, osati a mphamvu, omwe amakankhira mchere m'kati.

Ndipo iweyo uzivala chotseka pamphuno popopera ufa umenewo, ngakhale anzako akuseke. Mwezi ukatha uwaimbire mayi ako, akudandaula kuti wakhala chete.